Abwenzi ndi Mlandu wa Mlendo Wokanidwa

Munthu wocokera ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, akatsata mseu wakale wa ku Petauke, napyola dziko la Mfumu Malama, amalowa m'boma la Lusangazi, kumene kuli malo ochedwa Ukwimi. Lero kuli midzi ndi minda ya eni dziko. Koma m'caka ca 1987 Boma la Zambia, mothandizana ndi bungwe la United Nations loyang'anira othawa kwao, linatsegula malowo kuti pakhale anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique. Anasonkhanapo anthu ngati 25,000, ambiri a iwo ocokera m'cigawo ca Tete. Anapatsidwa minda nalima, ndipo pangano la mtendere litalembedwa ku Rome m'caka ca 1992, ocuruka anabwerera kwao m'caka ca 1994.

Anthu a ku Ukwimi anaona mabvuto ambiri, koma bvuto limodzi linawalambalala: sanafunsidwe mmodzi mmodzi kuti atsimikize cimene anathawa. Analandiridwa monga khamu. Nkhondoyo inali yodziwika kwa onse, popeza asilikali a Renamo analikuoloka malire ndi kupha anthu ngakhale m'midzi ya m'Zambia. Ndiponso othawawo analikulankhula Cinsenga ndi Cicewa monga owalandira. Za mlendo wofika yekha kucokera kutali nzosiyana. Iye amakhala pamaso pa wa Boma, nafotokoza mbiri yace kupyolera mwa womasulira, ndipo akakanidwa asanduka munthu wokhala m'dziko wopanda cilolezo. Cotsatira cace ndi ndende, kenaka galimoto ya ku malire. Kumudzi munthu sapita ku bwalo pa mlandu wa ukwati wopanda nkhoswe. Koma mlendo wokanidwa, amene mlandu wace uli wa moyo ndi imfa, kawiri-kawiri amaima yekha.

Inu a ku migodi ndi m'matauni, ena mwa inu mukumbukira za February 1992, pamene anthu 517 a ku West Africa anacotsedwa m'Zambia m'masiku awiri. Iwo sanali othawa nkhondo ai, koma nkhani yao iphunzitsa cinthu comweco. M'caka ca 1996 bungwe la maiko a Africa loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Zambia inalakwa, cifukwa anthuwo sanapatsidwe mpata wakutula mlandu wao ku bwalo la milandu.

Nchito yomlankhulira mlendo wotere ili ndi mbiri yace, ndipo m'mbirimo mumamveka dzina la kampingo kamene m'Zambia kali ndi anthu owerengeka. Akunda a m'cigwa ca Luangwa adziwa Aangilikani a ku Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu anamwalira m'caka ca 1913, ndi a Reformed a ku Kamoto. Koma Abwenzi, amene Angelezi awacha Quakers, ngacilendo kwa ambiri, ngakhale ku Kenya, kumene anafika m'caka ca 1902, ali ocuruka ndithu.

Mpingowu unayamba ku Mangalande zaka za m'ma 1650 ndi ulaliki wa George Fox. Dzina lakuti Quakers, ndilo kunena kuti onthunthumira, linali lacipongwe. Anawapatsa ndi woweruza wa ku Derby pamene Fox anamuuza kuti anthunthumire pa mau a Mulungu. Popeza anakana kulumbira m'bwalo, kupereka cakhumi ku mpingo wa Boma, ndi kubvula cisoti pamaso pa akuru, anaponyedwa m'ndende zikwi zikwi, ndipo mazana anafera momwemo. Tsono m'caka ca 1675 anakhazika msonkhano ku London wosamalira ozunzidwa ao. Nchito yace inali kulemba dzina la womangidwa ali yense, tsiku, ndi mlandu wace, kufunsira nzeru kwa odziwa malamulo, ndi kudandaula kwa oweruza ndi kwa Mfumu. Umo ndimo anaphunzirira kuti cifundo copanda pepala ndi loya sicitsegula citseko ca ndende.

Atapeza ufulu wao, luso lija analigwiritsa nchito pothandiza ena. M'zaka za 1938 ndi 1939 anali m'gulu la amene anapulumutsa ana pafupi-fupi 10,000, ambiri a iwo Ayuda, ku ulamuliro wa Hitler, nawafunira mabanja ku Mangalande. Ndipo kuno pakati pa Africa, m'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, nthumwi yao ya ku Salisbury, George Loft, inali kuyendera Dr. Hastings Banda m'ndende ya ku Gwelo, atamangidwa m'March 1959.

Koma nkhani imene ikhudza kwambiri alendo okanidwa inacitika ku Arizona, m'dziko la America, pafupi ndi malire a Mexico. Kumeneko kunali Mbwenzi wina woweta ng'ombe ndi mbuzi, dzina lace Jim Corbett, munthu wophunzira ku Harvard koma wodwala nyamakazi. M'mwezi wa May 1981 mnzace wina anamuuza kuti anatenga mnyamata wa ku El Salvador pa mseu, koma apolisi a m'malire anamgwira pa cipata. Ku El Salvador kunali nkhondo ya paciweniweni. Ngakhale Bishopu wamkuru Oscar Romero anali ataomberedwa pa guwa m'caka ca 1980. Corbett anayamba kufunsa-funsa kufikira anampeza mnyamatayo m'ndende ya ku Nogales, pamodzi ndi anzace ena. Kumeneko anadziwa cinsinsi ca nchitoyo. Wogwidwa akasaina pepala lakubvomera kucoka yekha, ankabwezedwa msanga osaonana ndi woweruza. Koma akasaina fomu yochedwa G-28, yochula munthu womuimira pa mlandu, Boma linayenera kudziwitsa womuimirayo lisanamcotse. Tsono zonse zinagona pa cakuti pepala liti liyambe kufika m'manja mwace.

Corbett anayamba kuyenda m'ndende ndi mafomu, nalemba makalata ku misonkhano ya Abwenzi mazana angapo kupempha ndalama za belo. Mipingo ya ku Tucson inasonkha cuma, niombola ambiri ku ndende ya ku El Centro. Koma cipambano cinali cocepa, cifukwa Boma la America linali bwenzi la boma la El Salvador, ndipo silinafune kubvomera kuti anthuwo athawa cizunzo. M'caka ca 1984, mwa anthu 100 a ku El Salvador opempha malo, olandiridwa sanakwane 3.

Apa Corbett anacita cinthu cimene ngakhale anzace ena anakangana naco: anayamba kuolotsa othawawo yekha m'cipululu ndi kuwabisa m'nyumba za anthu. Pa 24 March 1982 mbusa John Fife wa mpingo wa Presbyterian ku Tucson analengeza poyera kuti nyumba yao ya mapemphero idzakhala pothawira, ndipo mipingo ndi masunagoge mazana anatsata. Boma linatuma akazitape m'mapemphero ao. Anthu 11 anazengedwa mlandu kuyambira 1985 kufikira 1986. 8 anapezeka olakwa, koma palibe anatsekeredwa, ndipo Corbett anamasulidwa.

Anthu amakonda kukamba za maulendo a m'cipululu, pakuti ndiyo mbali yokoma kumva. Koma cimene cinasintha zinthu ndi mlandu wocedwa ndi wotopetsa umene mipingo ndi mabungwe othandiza othawa anasumira Boma m'caka ca 1985, kunena kuti linali kukondera pogamula. M'January 1991 Boma linabvomera kuti anthu a ku El Salvador ndi Guatemala oposa 200,000 amvedwe kapena amvedwenso. Amene Corbett anaolotsa ndi manja ace sakanafika pa ciwerengero cimeneco. Iye anamwalira m'caka ca 2001.

Kuno ku Zambia lamulo la 1970, limene linalamulira anthu a ku Ukwimi, linali loyang'anira othawa m'misasa, losanena bwino za njira yoweruzira munthu mmodzi payekha. Lamulo la 2017 linalowa m'malo mwace. Liletsa kubweza munthu kumene moyo wace uli pangozi, ndipo lipatsa wokanidwa mpata wakucita apilo kwa Nduna. Apiloyo iyenera kulembedwa, ndi kufika nthawi yace isanathe. Maofesi a bungwe la Boma lothandiza osauka pa milandu ali ku Chipata, ndipo likuru la Komishinala wa othawa kwao lili ku Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 700 kucokera ku Mfuwe.