Chotupa chooneka ngati masamba: kuchokera ku Berlin kufika ku Chipata

Mu 1838, katswiri wina wa ku Berlin, Johannes Müller, anang'amba chotupa cha m'bere napeza kuti mkati mwake mwapindikapindika ngati masamba. Anachitcha cystosarcoma phyllodes, potengera liwu la Chigiriki lotanthauza tsamba. Lero madotolo amangoti phyllodes. N'chosowa kwambiri: pa zotupa 100 za m'mabere, nthawi zambiri sichipezeka n'chimodzi chomwe. Chimakonda amayi a zaka za m'ma 40, koma ngakhale mtsikana wa ku sekondale chimatha kumugwira.

Kuvuta kwake n'kwakuti chimafanana ndi fibroadenoma, kam'bulu kosaopsa kamene atsikana ambiri amakhala nako, kaja kothawathawa ukakakhudza ndi chala. Dzanja la dotolo silingasiyanitse ziwirizi, makamaka zikadali zazing'ono.

Makina anabwera mochedwa. Mu 1913, Albert Salomon, wa ku Berlin komweko, anajambula ndi X-ray mabere amene anali atadulidwa kale, ndipo mammogram inakulira pamenepo. Koma bere la mtsikana n'lothinana mkati, pachithunzi limaoneka loyera, chotupanso n'choyera. Kuli ngati kufuna mchere m'ufa. N'chifukwa chake achichepere amawapima ndi ultrasound, sikani yomwe ija ya amayi apakati. Nayonso ili ndi polekezera: phyllodes ndi fibroadenoma zimatha kuoneka chimodzimodzi. Wogamula mlandu ndi pathologist, amene amaika kanyama kochokera pa chotupacho pansi pa maikulosikopu. Nthawi zina kanyama ka pa singano sikakwana, mpaka aone chotupa chonse.

Kwathu kuno nkhani yake ndi ya mtunda. Chipatala cha St Francis ku Katete chinayamba mu 1948, Chipata akutchedwabe Fort Jameson. Odziwa kuchita opaleshoni anafika kum'mawa kuno kalekale, koma odziwa kuwerenga kanyama kaja ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri akhala ali ku UTH, ku Lusaka, makilomita oposa 550 pa Great East Road. Kabotolo kakawoloka Luangwa, mwini wake amatsala kunyumba kudikira yankho. Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007, nthawi ya a Levy Mwanawasa. Isanatsegulidwe, wofunika radiotherapy ankapita ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ngati mwayi ndi ndalama zilipo.

Mwezi wa Okutobala ife a pa wailesi timachulukitsa za kudzipima mabere. Nzabwino, koma ndimaona kuti pepala la ku labu timaliiwala. Fibroadenoma angathe kuisiya kapena kungoichotsa yokha. Phyllodes imafuna kuchotsedwa pamodzi ndi mnofu woizungulira, apo ayi imatha kumeranso, ndipo mtundu wake woopsa umayenda m'magazi kukafika m'mapapo. Mtsikana amene anachotsedwa kam'bulu, bala n'kupola bwinobwino, koma osabwerera kukatenga zotsatira, sadziwa kuti anali ndi chiti pa ziwirizi.