Chipatala cha Margate chimene chinkachiritsa ndi nyanja

Tikamva za Margate, ambiri timaganiza za ku South Africa. Koma ku England kulinso Margate, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Kent. Kumeneko kuli nyumba yakale imene lero anthu amagulamo mafulati, koma kwa zaka 200 inali chipatala.

Anachiyambitsa mu 1791 ndi dokotala wa ku London, John Coakley Lettsom, wa mpingo wa Quaker. Chinatsegulidwa mu 1796 ndi dzina loti General Sea Bathing Infirmary, ndipo pambuyo pake chinatchedwa Royal Sea Bathing Hospital. Odwala ambiri anali amphawi a ku London, makamaka ana a m'makomboni odzaza utsi. Ankadwala TB imene imatupitsa m'khosi ndi kudya mafupa.

Mankhwala a TB kunalibe. Ngakhale kachilombo kake sikankadziwika mpaka Robert Koch atakapeza mu 1882. Nanga ankawachiritsa bwanji? Ankawasambitsa madzi a m'nyanja, kuwadyetsa bwino, ndi kuwagoneka pakhonde kuti apume mpweya wabwino ndi kuwothera dzuwa. Tikhoza kuseka, koma mwana wochoka m'kachipinda ka anthu khumi kopanda windo ankapezadi mphamvu akayamba kukhuta ndi kupuma bwino. Lettsom anali ataona chinthu chimene ife a m'komboni timachidziwa: TB imakonda pothithikana ndi panjala.

Zinthu zinasintha mankhwala a streptomycin atapezeka mu 1943. Mu 1948 chipatalachi chinalowa mu NHS, ndondomeko ya boma yopereka chithandizo chaulere. Odwala TB anayamba kuchira ndi jekeseni ndi mapilisi, mabedi a pakhonde n'kumatsala opanda anthu. Chipatalacho chinatembenukira ku maopaleshoni a mafupa, mpaka chinatsekedwa mu 1996.

Kuno ku Zambia mankhwala a TB alipo, ndi aulere m'makiliniki a boma, ndipo munthu amamwa miyezi 6. Koma matendawa akadali nafe. Timakwerabe minibasi yotseka mawindo, timagonabe ambiri m'chipinda chimodzi, ndipo ena amasiya mapilisi pakati chifukwa amavuta kumwa m'mimba mulibe kanthu.

Ku Margate anali ndi chakudya ndi mpweya, mankhwala alibe. Ife mankhwala tili nawo. Chimene ana aja ankachipeza pakhonde paja ndicho chikusowabe m'nyumba zambiri za kwathu.