Mbiri ya Kunyika Nsalu m'Dziko la Mzimba

1. Mawu oyamba

Munthu akayenda mumsika wa pa boma la Mzimba, kapena pa Jenda, aona nsalu zamitundumitundu zitapachikidwa pazingwe. Zambiri ndi zitenje zodindidwa ndi makina. Koma nthawi zina apezanso nsalu kapena malaya okhala ndi mawanga ozungulira ndi mizere yosalingana, yonga mafunde a madzi. Nsalu zotere sizidindidwa ndi makina ayi. Munthu amazipinda, nazimanga ndi ulusi, nazinyika mu utoto. Ambiri amatchula ntchitoyi ndi mawu a Chingerezi akuti tie and dye, ndiko kunena kumanga ndi kunyika.

Ena ayesa kuti ntchito yonseyi ndi yachilendo. Kumanga nsalu tinaphunziradi kwa anthu a maiko ena, koma kunyika makolo athu anakudziwa kalekale. Tiyeni tsono tione mmene zinthuzi zinayendera.

2. Nyanda ndi matope

Angoni asanafike, dziko limene lero tilitcha Mzimba linali la Atumbuka, ndipo kumwera kwake anayandikana ndi Achewa a ku Kasungu. Chovala cha anthu ambiri masiku amenewo chinali nyanda, imene ena aitcha chiwondo. Mwamuna ankapita kutchire nakasenda khungwa la mombo kapena la kachere. Akafika nalo kumudzi ankapala kunja kwake, naliviika m'madzi kuti lifewe, nalimenya pachipika ndi kanyundo kamtengo kufikira litatambasuka ngati nsalu.

Nyanda yatsopano imakhala yotuwa kapena yofiirira. M'dziko lino ndi m'maiko oyandikana nafe, munthu wofuna nyanda yakuda ankaikwirira m'matope akuda a kudambo, ndipo poifukula ankaipeza itada bii. Lero tidziwa chifukwa chake. M'makungwa muli madzi owawa aja amene afufutira zikopa, ndipo m'matope a kudambo muli chitsulo chosaoneka ndi maso. Ziwirizi zikakumana zibala utoto wakuda wosachoka msanga. Makolowo sanadziwe dzina la mankhwalawo, koma ntchito yake anaidziwa bwino. Ofuna kufiira ankaupeza mumtengo wa mlombwa, pakuti utomoni wake ndi wofiira ngati magazi, ndipo ukadontha pachovala suchoka.

Kumwera kwa dziko lathu kunalinso nsalu yeniyeni ya thonje. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu. Iye anaonanso chomera cha indigo, chimene masamba ake atulutsa utoto wabuluu, chikungomera chokha ku Tete.

3. Nsalu za amalonda

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amalonda otchedwa Balowoka anaoloka nyanja nafika ku Nkhamanga, kumpoto kwa Mzimba. Mtsogoleri wao, Mlowoka, ankagula minyanga ya njovu ndi nsalu ndi mikanda, ndipo nkhani zakale zinena kuti ankapatsa eni midzi nsalu yomanga kumutu monga chizindikiro cha ufumu. Apa tiona kuti nsalu yonyika inali chinthu chaulemu, chosavala munthu wamba.

M'zaka za m'ma 1840 Jumbe anakhazikika pa Nkhotakota, ndipo njira ya malonda inadzera kwa Mwase Kasungu kunka ku Luangwa. M'mitolo ya amalondawo munali nsalu ziwiri zotchuka. Ina inali merikani, nsalu yoyera yoombedwa ku America, imene zombo za ku Salem zinkatula pa Zanzibar. Inzake inali kaniki, nsalu yodera yochokera ku India, yonyikidwa mu indigo. Tisaiwale kuti mtengo wa nsaluzi sunali minyanga yokha ayi. Anthu ambiri anagulitsidwa ukapolo chifukwa cha mikwamba yowerengeka ya nsalu.

4. Angoni, amishoni ndi sitolo

Zwangendaba ndi anthu ake anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Iye anamwalira ku Ufipa, ndipo mwana wake M'mbelwa anadza ndi gulu lake nakhala m'dziko la Atumbuka m'zaka za m'ma 1850. Angoni anali anthu a ng'ombe, chotero chovala chao chinali zikopa, nthenga ndi mikanda. Ngakhale lero ovina ingoma pa mwambo wa Umthetho, patsinde pa phiri la Hora, amavala zikopa kukumbukira makolo ao.

Amishoni a Livingstonia anatsegula malo pa Njuyu m'chaka cha 1882 ndi pa Ekwendeni m'chaka cha 1889. M'chaka cha 1902 Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon pa Embangweni, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku, kumwera kwa boma la Mzimba. Masiku oyambawo ndalama zinali zosowa, ndipo amishoni ndi kampani ya Mandala ankalipira antchito ao ndi nsalu yoyera, yoyesedwa m'mikwamba. Atsikana ndi amayi anayamba kuphunzira kusoka ndi singano.

M'chaka cha 1904 mafumu a Angoni anakomana ndi Alfred Sharpe pa Ekwendeni, navomera kulowa pansi pa boma la Angerezi. Posakhalitsa msonkho unayamba, ndipo amuna ambiri a ku Mzimba anapita kukagwira ntchito ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni. Pobwera ankadza ndi mabulangete, majekete ndi nsalu za akazi ao. M'masitolo munadzaza biriwita ndi nsalu zina. Nyanda inasanduka chizindikiro cha umphawi, ndipo anthu anachita nayo manyazi. Motero m'nthawi ya mibadwo iwiri yokha luso lopanga nyanda linazilala, ndipo kunyika chovala kunazilala nalo pamodzi. Anthu anapeza nsalu yofewa ndi yolimba, koma maonekedwe a chovala chao anayamba kuwasankhira ndi anthu akutali amene sanaonepo Mzimba.

5. Kumene kumanga nsalu kunachokera

Nzeru yomanga nsalu isananyikidwe ndi yakale, ndipo mitundu yambiri inaitulukira payokhapayokha. Ku India, m'zigawo za Gujarat ndi Rajasthan, amayi amatsina nsalu ndi zikhadabo namanga timfundo tambirimbiri, ndipo ntchitoyo aitcha bandhani. Ku Japan aitcha shibori, ndipo mudzi wa Arimatsu, umene unamangidwa m'chaka cha 1608, unatchuka nayo. Mu Africa muno Ayoruba a ku Abeokuta, m'dziko la Nigeria, amapanga nsalu yotchedwa adire. Ina amamanga ndi luzi la chiwale, ina amasoka, ina amaipaka phala la chinangwa kuti utoto usalowe. Kumpoto kwa dziko lomwelo, mumzinda wa Kano, muli maenje akale onyikiramo indigo amene akugwirabe ntchito.

Utoto wonse wakale unkachokera ku mitengo, kunthaka ndi ku tizilombo. M'chaka cha 1856 mnyamata wa ku London wa zaka 18, dzina lake William Perkin, anali kuyesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo. Kwinini sanampeze, koma m'botolo lake munatuluka utoto wofiirira, woyamba kupangidwa ndi mankhwala ndi kugulitsidwa kwa anthu ambiri. M'chaka cha 1897 kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kugulitsa indigo wopangidwa m'fakitale, ndipo ulimi wa indigo ku India unagwa. M'chaka cha 1956 kampani ya ICI ya ku Britain inatulutsa utoto wotchedwa Procion, umene ugwira thonje ngakhale m'madzi osawira. Utoto wotere unapeputsa ntchito, kotero kuti munthu akhoza kunyika pakhomo pake m'beseni. M'zaka za m'ma 1960 achinyamata a ku America anakonda malaya omanga amitundu yowala, ndipo malaya otere anafala padziko lonse.

Kuno kwathu fakitale ya nsalu ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, niyamba kuomba thonje la alimi athu. Luso lomanga ndi kunyika lafalikira kudzera m'magulu a amayi, m'mipingo ndi m'masukulu a ntchito zamanja.

6. Mapindidwe ndi mamangidwe

Chinsinsi cha ntchito yonseyi ndi chimodzi: pamene pamangidwa zolimba utoto sulowa, ndipo pamene patsala pomasuka utoto ulowa. Chotero maonekedwe a nsalu abadwa m'manja mwa womanga, nsaluyo isanakhudze utoto.

Choyamba ndi kusankha nsalu. Thonje limwa utoto bwino, koma polyester aukana, ndipo malaya ambiri a pa kaunjika ndi osakaniza. Muwerenge kansalu kolembedwa kamene kali pakhosi kapena m'mbali mwa malaya. Nsalu yatsopano muichape kaye ndi sopo kuti phala la kufakitale lichoke, ndipo muimange ikali yachinyontho.

Mukafuna mawanga ozungulira, kulungani kamwala, nyemba kapena njere ya chimanga m'nsalu, ndi kumanga pakhosi pake ndi ulusi wolimba. Kamwala kakakula, bwalo nalo likula. Mukamanga kawiri kapena katatu motsikira pansi, mupeza mabwalo ena m'kati mwa anzao.

Mukafuna mizere, pindani nsalu kutsogolo ndi kumbuyo, kutsogolo ndi kumbuyo, kufikira itasanduka lamba mmodzi wautali. Tsono mangani lambayo m'malo angapo ndi ulusi kapena ndi mphira wodula ku chubu chakutha cha njinga. Pomanga paliponse padzatuluka mzere woyera wodutsa nsalu yonse. Lamba yemweyo mukamupindanso m'ngondya zitatuzitatu, ndi kunyika nsonga zokha, nsalu idzatuluka ndi mabanga ofanana obwerezabwereza.

Pa malaya anthu akonda kupota. Yalani malaya pathebulo, tsinani pakati, ndi kuzunguza mbali imodzi kufikira malaya onse atakulungika ngati nkhata. Mangani nkhatayo mopingasa kuti igawike zigawo zisanu ndi chimodzi, ndi kuthira utoto wosiyana pazigawozo. Pomasula mudzaona mzere wozungulira ngati chigoba cha nkhono.

Ilipo njira ina yosoka. Mujambule tsamba kapena nsomba ndi pensulo, musoke motsata mzerewo, ndi kukoka ulusi kuti nsalu ikwinyike zolimba. Njirayi ichedwa, koma ndiyo ipatsa chithunzi chimene munthu wachifuna. Yapafupi koposa ndi kungofwinya nsalu ndi kuimanga ponseponse, ndipo ituluka ngati mitambo.

7. Kunyika

Utoto wa m'sitolo ulipo wamitundu iwiri yodziwika. Wina ufuna caustic soda ndi ufa wotchedwa hydros m'madzi otentha. Utoto wotere uli ndi khalidwe la indigo: nsalu ituluka m'beseni ndi maonekedwe ena, monga obiriwira kapena achikasu, ndipo ikapitidwa mphepo ndi pamene mtundu weniweni uonekera. Mtundu winawo ndi wa banja la Procion, umene ufuna mchere ndi soda ash. Nsalu yothiridwa utoto umenewu ikulungidwe m'pepala lapulasitiki kuti igone yonyowa usiku wonse.

Ponyika mitundu iwiri, muyambe ndi wowala ndi kutsiriza ndi wodera, pakuti wakuda uphimba wachikasu koma wachikasu sungaphimbe wakuda. Musafulumire kumasula. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mutsukuluze nsalu m'madzi ozizira ikali yomanga, kenaka mumasule, muchape ndi sopo, ndi kuyanika pamthunzi.

Caustic soda ndi woopsa. Aotcha khungu ndipo akhoza kupha maso. Muvale magolovesi, mugwirire ntchito panja, ndipo muthire mankhwala m'madzi, osati madzi pamankhwala. Mphika kapena beseni lonyikira lisabwererenso kukhitchini. Mankhwala asungidwe kumene ana safikako, pakuti amafanana ndi shuga kapena mchere. Madzi otsala atayidwe m'dzenje kutali ndi chitsime ndi mtsinje, kumene ng'ombe zimamwa.

8. Chimene titolapo

Lero wonyika nsalu ali ndi opikisana naye amphamvu. Zovala za kaunjika ndi zotsika mtengo, ndipo mafakitale akunja amadinda nsalu zotsanzira mawanga a nsalu yomanga. Utoto ndi mankhwala ake ndi zogula, zambiri zochokera kunja. Wonyika akanyenga pochepetsa mankhwala, nsalu isuluka pochapa koyamba, ndipo wogula sabweranso. Chimene makina sangathe ndi kupangira mudzi umodzi, kwaya imodzi kapena ukwati umodzi nsalu yaoyao, m'mitundu imene eni ake asankha. Pamenepo ndi pamene pali malonda a munthu wa manja ake.

Chilipo chinanso chofunika kufulumira. Mombo ndi mlombwa zikutha chifukwa cha makala, matabwa ndi minda yatsopano, ndipo okalamba amene anaona nyanda ndi maso ao atsala ochepa. Inu amene mwaphunzira kulemba, pitani kwa agogo a m'mudzi mwanu mukawafunse makungwa, mizu ndi matope amene ankadetsera kapena kufiiritsira zinthu, ndi maina ake m'Chitumbuka. Mulembe zonse m'kope, ndipo muyese pakansalu koyera kathonje kuti muone utoto umene ugwira ndi umene usuluka. Mukatero mudzasungira ana anu nzeru imene inatsala pang'ono kutayika, ndipo nsalu yomangidwa ku Embangweni kapena ku Edingeni idzakhala ndi mtundu wa nthaka ya kwao.