MBIRI YA OMVERA MAU AKUTALI NDI MAKHADI AO

Munthu akaima pa culu usiku naitana mnzake amene ali kutsidya la mtsinje, mtima wake sukhala pansi kufikira mnzakeyo atayankha kuti wamva. Nyumba youlutsira mau pa wailesi ifanana ndi munthu wotere, koma bvuto lake ndi lalikulu koposa, pakuti iri ndi pakamwa pokha, makutu iribe. Anchito ake akhoza kulankhula usiku wonse osadziwa ngati mau ao afika kutali kapena angothera kuseri kwa phiri. Cifukwa ca bvuto limeneli panabuka mwambo wakuti omvera akutali azilemba makalata ocitira umboni zimene amva, ndipo eni wailesi azibweza khadi lobvomereza umboniwo. Anthu ambiri a m'maiko osiyanasiyana anatha zaka za moyo wao akusonkhanitsa makhadi otere.

Nkhani ya umboni inabvuta kuyambira pa ciyambi peni peni. Pa 12 Disembala 1901 Guglielmo Marconi anali pa phiri la ku St John's m'dziko la Newfoundland, atachera khutu ku makina ake. Iye ananena kuti wamva timadontho titatu ta cilembo ca S tocokera ku Poldhu m'dziko la England, mtunda wa mamailo oposa 2,000 kuoloka nyanja ya Atlantic. Koma mboni zinali ziwiri zokha, iye mwini ndi womthandiza wake, ndipo akatswiri ena anakaika. Iwo anati mafunde a wailesi ayenda molunjika monga kuwala, tsono angakhote bwanji kutsata dziko limene liri lobulungira? M'caka ca 1902 Oliver Heaviside wa ku England ndi Arthur Kennelly wa ku America anaganiza, yense payekha, kuti kumwamba kwambiri kuli mpweya wina umene ubweza mafundewo pansi monga khoma libweza mpira. Edward Appleton anatsimikiza zimenezi mwa kuyesa m'caka ca 1924.

Mafunde a wailesi amawayesa m'mamita, ndipo alipo aatali ndi aafupi. Masiku oyambawo akuluakulu anakhulupirira kuti aatali okha ndiwo angafike kutali. Cotero m'caka ca 1912 Boma la America linaika lamulo lakuti anthu wamba amene amadzipangira makina ao m'nyumba asapyole mamita 200, poyesa kuti lawapatsa gaga ndi kusungira zombo ndi makampani ufa woyera. Koma m'gagamo ndimo munali cuma. M'Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice m'dziko la France analankhulana ndi Fred Schnell wa ku America pa mafunde a mamita ngati 100. Caka cotsatira, m'Okutobala, mnyamata wa zaka 18 dzina lake Cecil Goyder, ali pa sukulu ya Mill Hill ku London, analankhulana ndi Frank Bell wa ku New Zealand, kumene ndi kutsidya kweni kweni kwa dziko lapansi. Kunapezeka kuti mafunde aafupi, ngakhale acokere m'makina ofooka, agunda kumwamba nabwera pansi, nanjanjanso kukwera, kufikira atazungulira maiko.

Anthu amenewa ndiwo anayamba mwambo wa makhadi. Oyendetsa zombo anali kale ndi zidule za zilembo zitatu zitatu zoyamba ndi Q, zimene maiko anagwirizana pa msonkhano wa ku London m'caka ca 1912, kuti anthu a zinenero zosiyana azimvana pa nyanja. Cidule ca QSL citanthauza kuti, "Ndibvomereza kuti ndalandira mau ako." Tsono anthu awiri akamvana pa mphepo, yense anali kutumizira mnzake khadi la pa positi lolembedwa zilembo zimenezi, pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi mafunde amene anakomanapo. Limodzi la makhadi akale koposa odziwika linacokera ku Buffalo kunka ku Philadelphia m'caka ca 1916, ndipo ku England W. E. F. Corsham anayamba kutumiza ake m'caka ca 1922.

Posacedwa makampani ndi maboma anaona phindu la mafunde aafupi. M'Malici 1927 kampani ya Philips inaulutsa mau kucokera ku Eindhoven m'dziko la Holland, ndipo yankho linadza pa lamya kucokera ku cisumbu ca Java lakuti mauwo amveka. Pa 19 Disembala 1932 BBC inayamba kuulutsira maiko onse a pansi pa ulamuliro wa Britain kucokera ku Daventry, ndipo pa Khrisimasi ya caka comweco Mfumu George V inalankhula ndi anthu ake okhala kutali. Nyumba zazikuluzi zinali ndi makina a mtengo wapatali, koma zinasowa cinthu cimodzi cimene ndalama sizikadagula: munthu wokhala ku Bombay, ku Nairobi kapena ku Ndola amene anganene zoona za m'mene mau afikira kumeneko. Mafunde aafupi sakhala cimodzimodzi masiku onse. Amene amveka bwino masana azimirira dzuwa likalowa, a m'nyengo yozizira asiyana ndi a m'nyengo yotentha, ndipo zonse zisinthanso potsata mawanga a pa dzuwa amene acuruka ndi kucepa pa zaka ngati 11 ziri zonse. Motero akatswiri a makina anapempha omvera kuti aziwalembera, ndipo khadi linakhala mphotho ya wolembayo.

Khadi silinali kubwera cabe. Womvera anayenera kulemba tsiku, mafunde, ndi nthawi monga mwa koloko ya ku Greenwich, imene itsalira maora awiri m'mbuyo mwa nthawi ya ku Zambia. Anayeneranso kufotokoza zimene anamva kwa mphindi zingapo: nyimbo yakuti, liu la mwamuna kapena la mkazi, nkhani imene inanenedwa. Eni wailesi anali kuyerekeza zimenezi ndi buku lao la nchito ya tsikulo, ndipo zikasiyana khadi silinali kutumizidwa. Pambuyo pake panadza njira ya SINPO yoyesera zinthu zisanu, ciri conse ndi nambala kuyambira 1 kufikira 5: mphamvu ya mau, kusokoneza kwa wailesi zina, kuthetheka kwa mphenzi, kuzimirira kwa mau, ndi m'mene zonse zinamvekera pamodzi. Wolemba 55555 anena kuti mau anali ngati a munthu wokhala naye pa mphasa imodzi. Pano panali ciyeso ca mtima, pakuti womvera wina anali kukweza manambala kuti akondweretse eni wailesi ndi kulandira khadi msanga. Koma lipoti lotere linali lopanda nchito, cifukwa katswiri wa makina athandizidwa ndi womuuza kuti mau sanamveke bwino, osati womtama.

Nchitoyi inafuna cipiriro. Munthu anali kukoka waya wautali kucokera pa denga kufikira ku mtengo, nakhala pakati pa usiku anzake atagona, akupotoza kacitsulo pang'ono pang'ono pakati pa phokoso ndi miluzu. Akapeza liu lacilendo anayembekeza, mwina ora lathunthu, kuti woulutsa achule dzina la mzinda wake. Kalata ikapita, pamodzi ndi cikalata ca ku positi colipirira sitampa ya yankho, panatha miyezi, nthawi zina caka, khadi lisanafike. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofuna kuthandizana, omvera anapanga mabungwe ao. M'caka ca 1947 O. Lund Johansen wa ku Denmark anayamba kusindikiza buku la caka ndi caka lochedwa World Radio Handbook, losonyeza mafunde, nthawi ndi makeyala a wailesi za dziko lonse, ndipo m'caka ca 1948 Arne Skoog anayamba pulogalamu ya omvera otere pa wailesi ya ku Sweden.

Kumvera mau akutali sikunali masewera kwa onse. M'Sepitembala 1939 Boma la Hitler ku Germany linaletsa kumvera wailesi za kunja, ndipo ogwidwa anaponyedwa m'ndende, ena anaphedwa. Nkhondo itatha, Soviet Union inamanga makina ambiri ocita phokoso dala kuti anthu ake asamve mau a ku America ndi ku Britain, ndipo inaleka zimenezi m'caka ca 1988. Pa zaka zomwezo Moscow, Peking, Washington ndi Cairo zinapikisana kukopa omvera a maiko ena, ndipo pamodzi ndi khadi zinali kutumiza timbendera, makalendala ndi mabuku otama maboma ao. Womvera wanzeru anaphunzira kulandira khadi ndi manja awiri, koma nkhani anaziyesa poyamba pomvera mbali zonse.

Dziko la Northern Rhodesia, limene tsopano ndi Zambia, liri ndi mbali yake m'mbiri imeneyi. Boma linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, makamaka kuti anthu amve za nkhondo kumene ana ao anapita. Mafunde aafupi ndiwo anayenera dziko lotere, pakuti midzi iri patali patali, ndipo mphenzi za m'dzinja zisokoneza kwambiri mafunde aatali. Koma anthu a m'midzi analibe mawailesi, cifukwa ogulitsidwa m'sitolo anali odula ndipo ambiri anafuna magetsi. Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'Boma, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yocepa mtengo, nakanidwa kawirikawiri, kufikira kampani ya mabatire ya Ever Ready ku Britain inabvomera. Wailesiyo inafika m'caka ca 1949. Makina ake anaikidwa m'cotengera cobulungira conga poto wopanda cigwiriro, copakidwa utoto wabuluu, ndipo zibowo zake zinatsekedwa ndi sefa kuti tizirombo tisalowe. Cifukwa ca maonekedwe ake inachedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali £5, ndipo batire lake lalikulu, limene wailesiyo inali kukhalapo, linagulidwa masheleni 25. M'zaka zocepa zotsatira anthu anagula mawailesi amenewa zikwi makumi angapo.

Eni mawailesi a potowa sanali kufuna makhadi, koma anacita cinthu comwe cija: anayankha. Makalata anasefukira ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka, imene inali kuulutsa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi. Ena analemba kuti mau amveka bwino kwao kapena kuti azimirira madzulo. Ena anadandaula kuti cinenero cao cipatsidwa nthawi yocepa. Ambiri anapempha nyimbo pa pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, kuti mnyamata wa ku migodi ya Copperbelt apereke moni kwa amake ku Fort Jameson kapena ku Nyasaland. Oulutsa mau, monga Alick Nkhata amene analinso woimba wochuka, anadziwa zofuna za anthu kupyolera m'makalatawa. Ndiponso popeza wailesi ya poto inali ya mafunde aafupi, mwini wake akapotoza kacitsulo anapeza London, Lourenço Marques ndi mizinda ya ku Congo, ndipo anazindikira kuti nkhani imodzi inenedwa mosiyana ndi anthu osiyana. Boma linafuna kuti anthu amve liu lake, koma linawapatsa cipangizo comvera maliu ambiri.

Mau a ku Lusaka nawo anaoloka nyanja. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, wailesi ya Zambia inadziwika ndi kulira kwa nkhwazi kumene kunali kumveka mapulogalamu asanayambe. Omvera a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, amene sanaonepo Kafue kapena Luangwa, anali kusaka kulira kumeneku pakati pa phokoso. Mwina sanamve liu ndi limodzi lomwe la Cinyanja kapena Cibemba, koma pomva mbalameyo anadziwa kuti apeza Lusaka, nalemba kalata yopempha khadi.

Nyengo ya mafunde aafupi inayamba kupita pamene wailesi za FM, masetilaiti ndi intaneti zinafika. BBC inaleka kuulutsira North America ndi Australia pa mafundewa m'caka ca 2001, ndipo Radio Australia inatseka makina ake a mafunde aafupi m'Januwale 2017. Komabe sanafe konse. M'Malici 2022, nkhondo itabuka ku Ukraine, BBC inabwereranso ku mafunde aafupi kuti ifikire anthu a kumeneko, pakuti boma likhoza kudula intaneti, koma mau otsika kucokera kumwamba ndi obvuta kuwatsekera pa malire.

Makhadi akale tsopano asungidwa monga cuma ca mbiri. Ambiri ali m'nyumba ya mabuku ya University of Maryland ku America, kumene anaperekedwa ndi osonkhanitsa okalamba ndi mabanja ao. Ena ali ndi maina a maiko amene anasintha kale, monga Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ena ndi a wailesi zimene zinakhala cete, monga Radio Berlin International ya ku East Germany imene inatsekedwa m'Okutobala 1990. Mau amene anaulutsidwa masiku amenewo anapita ndi mphepo, ndipo ambiri sanajambulidwe konse. Catsala ndi kapepala kolimba ka sitampa yofwifwa, konena kuti pa tsiku lakuti, nthawi yakuti, munthu wina analankhula, ndipo wina wokhala kutali anamva nanena zoona.