Masankho a 1991 ndi Mpando Woperekedwa Mwamtendere

Pa 31 October 1991 anthu a m'Zambia analawira m'mamawa kukaima pa mizere kuti asankhe mtsogoleri wa dziko. Ambiri a iwo anali asanaonepo pepala la voti lokhala ndi maina a anthu awiri olimbirana mpando umenewo. Pakuti kuyambira 1973, pamene dziko linali la cipani cimodzi ca UNIP, munthu ankangofunsidwa kubvomera kapena kukana dzina la Dr. Kenneth Kaunda. Koma tsikulo panali dzina laciwiri, la Bambo Frederick Chiluba wa cipani ca MMD, munthu wamfupi msinkhu koma wodziwa kulankhula, mkulu wa mabungwe a anchito, amene Boma lomwelo linamtsekerapo m'ndende mu 1981.

Cimene cinabala tsikuli ndi njala. Mtengo wa mkuwa, umene unali cuma ca dziko, unagwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo ngongole za Boma zinakula caka ndi caka, kufikira sopo, mcere ndi mafuta ophikira zinayamba kusowa m'masitolo. Mu June 1990 Boma linakweza mtengo wa ufa, ndipo mu Lusaka munabuka cipolowe cimene cinaphetsa anthu oposa 20. Pa 30 June msilikali wina, Mwamba Luchembe, analowa ku nyumba ya wailesi nalengeza kuti asilikali alanda Boma. Ciwembu cake sicinakhalitse, cinatha m'mawa womwewo. Koma m'maola owerengekawo anthu anaturuka m'miseu nabvina. Kaunda anamva za kubvinako, ndipo anali wanzeru ndithu kuzindikira tanthauzo lace. Mu July anthu ofuna zipani zambiri anasonkhana pa Garden House Hotel mu Lusaka, ndipo pamenepo panabadwa MMD. Pofika December, Kaunda anasaina lamulo lolola zipani zina.

Miyezi yotsatira inali ya mau owawa. A UNIP ankacenjeza kuti zipani zambiri zidzadzutsa udani wa mitundu ndi kugawa dziko. A MMD ankayankha kuti zaka 27 zakwana, ndipo nthawi yafika. Pa khomo limodzi atate ankakhala mbali iyi, ana mbali inayo. Mantha a nkhondo sanali nthano cabe, makamaka kwa anthu a Kum'mawa, amene anaona ndi maso ao othawa nkhondo ya ku Mozambique atadzaza ku Ukwimi m'boma la Petauke, ndiponso midzi ina ya m'malire itathiridwa nkhondo usiku.

Mkangano waukuru unali wa malamulo atsopano oyendetsera dziko. A MMD anati malamulowo apatsa mtsogoleri mphamvu zopambana muyeso, naopseza kuti sadzalowa nao masankho. Apa akuluakulu a Mipingo anacita monga amacitira madoda a pabwalo poona abale awiri atatengerana mikondo. Mu July 1991 anaitana Kaunda ndi Chiluba ku chalichi cacikuru ca Anglican ca Holy Cross mu Lusaka, nawakhazika pamodzi kuti amvane. Anthu awiriwo sanaturukemo ali mabwenzi ai. Koma anabvomerezana kukonzanso malamulowo, ndipo njira ya ku masankho inatseguka. Olemba mbiri amakonda kuchula tsiku la voti, koma msonkhano wa m'chalichiwu uyenera ulemu wolingana nalo, cifukwa popanda iwo mwina tsikulo silikadafika mwamtendere.

Mavoti atawerengedwa, Chiluba anapeza pafupifupi 76 pa 100 alionse, ndipo MMD inatenga mipando 125 mwa 150 ya m'Nyumba ya Malamulo. Pa mipando 25 imene inatsalira UNIP, 19 inali ya Cigawo ca Kum'mawa, ndiyo mipando yonse ya cigawoco. Acewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka ndi Akunda anaima ndi mkulu wakale pamene dziko lonse linamfulatira. Pamenepo m'mitima ya ambiri ku Chipata, Katete ndi Lundazi munali funso lolemera: kodi Boma latsopano lidzawayesa ana a m'nyumba, kapena ana a mkazi wina? Nakonso ku Migodi ndi ku Lusaka anthu ankafunsana ngati munthu amene anakhala pa mpando kuyambira 1964 adzabvomera kutsikapo, ali nao asilikali ndi apolisi m'manja mwace.

Kaunda sanazengereze. Analankhula ku mtundu wonse pa wailesi, nabvomera kuti anthu anena ndipo iye wagonja. Pa 2 November Chiluba analumbira pa Bwalo Lalikuru la Milandu mu Lusaka pamaso pa khamu losawerengeka. Mfuti siinalire. Alendo amene anadza kudzapenyerera, pakati pao Jimmy Carter amene kale anali mtsogoleri wa United States, anacitira umboni kuti masankho anayenda mwacilungamo. Masiku amenewo kunali kosowa mu Africa kuti mtsogoleri wa nkhondo ya ufulu acoke pa mpando cifukwa ca voti, ndipo mbiri yace inamveka kutali. Ku Malawi, kumene Dr. Banda anali cikhalire, anthu anaichera khutu mwakacetecete. Aphungu 19 a Kum'mawa anapita ku Lusaka nakhala pa mipando ya otsutsa Boma, ndipo amene anatukwanana pa misonkhano anakomananso pa maliro ndi pa cigayo, napatsana moni monga kale. Lamulo la nthawi ya ngozi, limene linalipo kuyambira 1964, linatha mwezi womwewo. Anthu anayembekeza zazikuru.

Koma walira mvula walira matope. Mu 1992 kunagwa cilala coopsa. Thandizo la Boma pa mtengo wa ufa linacotsedwa, ndipo makampani a Boma atayamba kugulitsidwa ambiri anataya nchito. Coipa koposa, opambanawo anaiwala msanga ulemu umene wogonja anawaonetsa. Mu 1996 anasintha malamulo kuti munthu amene makolo ace sanabadwire m'Zambia asaime pa masankho a mtsogoleri; ndipo aliyense anadziwa amene analozedwa cala, pakuti atate a Kaunda anacokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ku Lubwa. UNIP inakana kulowa masankho a caka cimeneco. Pa tsiku la Khirisimasi mu 1997 Kaunda anamangidwa, nkhalamba ya zaka 73. Ici cinali camanyazi, ndipo palibe cifukwa cocibisira.

Komabe njira imene inalambulidwa mu 1991 siinamere udzu. Mu September 2011 Rupiah Banda wa MMD, atagonja kwa Michael Sata, anatsazika mtundu misozi iri m'maso, napereka mpando. Mu August 2021 Edgar Lungu anaupereka kwa Hakainde Hichilema. Kaunda sanaone kusintha kwacitatuko, pakuti anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. Anamuika ku Embassy Park mu Lusaka, pa bwalo lomwelo pamene Chiluba anagona kuyambira 2011.