Tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe

Tchalitchi cha John Chilembwe chinali kachisi wa mpingo wa Baptist yemwe anamangidwa ndi njerwa zootcha pa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chinatha kumangidwa mu 1913 ndipo boma la atsamunda linachigwetsa mu 1915, chitangogwira ntchito zaka ziwiri zokha. Lero malo a PIM ali m'gulu la malo achikumbutso otetezedwa ndi boma la Malawi.

Chiyambi cha mishoni

Chilembwe anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi mmishonale Joseph Booth, ndipo anakaphunzira zaubusa mumzinda wa Lynchburg, ku Virginia. Atabwerera mu 1900 anayambitsa PIM mothandizidwa ndi National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku America. Mpingowo unatumiza Landon Cheek mu 1901 ndi Emma DeLany mu 1902 kudzathandiza pa ntchito ya sukulu, koma onse awiri anachoka mu 1906. Kuyambira pamenepo mishoni inali m'manja mwa Chilembwe ndi akhristu ake.

Chifukwa chake njerwa zinali nkhani

Masiku amenewo tchalitchi chachikulu cha njerwa chinkadziwika kuti n'cha azungu, monga St Michael and All Angels ku Blantyre. Mipingo ya m'midzi inkapemphera m'tinyumba ta mitengo ndi udzu. Choncho nyumba yaitali, yokhala ndi nsanja, yoyendetsedwa ndi mbusa wachikuda, inkalankhula yokha kwa aliyense wodutsa: munthu wakuda angathe kumanga, kuphunzitsa ndi kudzilamulira.

Nkhaniyi inali yowawa kwambiri chifukwa cha zomwe zinkachitika pafupi pomwepo. Mishoniyi inayandikana ndi minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala. Ambiri mwa iwo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankalowa m'dziko muno kudzera mbali ya Mulanje, ndipo ena analowa mpingo wa Chilembwe. Woyang'anira mindayi, William Jervis Livingstone, sankalola PIM kukhala ndi nyumba zopemphereramo kapena sukulu pamalopo, ndipo zomwe akhristu anamanga zinatenthedwa. Tchalitchi cha ku Mbombwe chinali pa malo a mishoni eniake, kumene kapitawo wa esiteti analibe mphamvu.

Kuukira kwa 1915

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Karonga mu 1914, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, magulu a anthu ake ananyamuka ku Mbombwe. Ena anakapha Livingstone ndi azungu ena awiri ku minda ya Bruce, ena anakathyola mosungira mfuti ku Mandala, ku Blantyre, koma anapezako zochepa. Akazi ndi ana achizungu sanaphedwe. Mmawa wake, Lamulungu, Chilembwe anachititsa mapemphero m'tchalitchichi mutu wa Livingstone uli poonekera, chinthu chomwe mpaka lero chimavuta kufotokoza ngakhale kwa omwe amamulemekeza. Thandizo lomwe ankayembekezera kuchokera ku Mulanje ndi ku Ntcheu silinaphule kanthu, ndipo pa 26 Januwale asilikali a boma analowa m'Mbombwe.

Asilikaliwo anaphulitsa tchalitchicho ndi mabomba. Pankhondo panalibe chifukwa chochitira zimenezi, popeza anthu anali atathawa kale. Cholinga chinali kufafaniza chizindikiro. Anajambulanso zithunzi za chigumulacho, ndipo zithunzizo, pamodzi ndi zina zakale, ndizo zimatithandiza kudziwa maonekedwe a nyumbayi.

Chilembwe anathawira chakum'mawa, kulinga ku Mozambique. Apolisi anamuwombera pa 3 Febuluwale 1915 m'dera lomwe linali pansi pa boma la Mulanje. Mtembo wake anautengera ku boma la Mulanje, kumene anauzindikira ndi kuuika mobisa, m'manda opanda chizindikiro, kuopa kuti anthu angamapiteko. Anthu pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuwomberedwa atazengedwa milandu, ndipo ena pafupifupi 300 anamangidwa.

Kutsegulidwanso

PIM inakhala yotseka zaka 11. Mu 1926 boma linalola Dr Daniel Malikebu, yemwe anaphunzirapo pa mishoniyi asanapite ku America kukachita maphunziro a udokotala, kuti aitsegulenso. Iye ndi mkazi wake Flora anayambitsanso sukulu ndi chipatala, ndipo m'zaka zotsatira akhristu anamanga tchalitchi china chachikulu cha njerwa chotchedwa New Jerusalem. Ichi ndicho alendo amachiona akafika ku Mbombwe, ndipo ena amachisokoneza ndi cha Chilembwe.

Popeza manda a Chilembwe ku Mulanje anabisidwa, Mbombwe ndiye anasanduka malo omukumbukira. Chaka chilichonse pa 15 Januwale, tsiku la tchuthi la John Chilembwe, kumachitika mapemphero omwe atsogoleri a dziko amafikako. Masiku ena onse mpingo umapempheramo monga mwa nthawi zonse, ndipo ana amaphunzira pa sukulu za mishoniyi.