Nthambi za tsinde la -konda m'buku lina lachikondi

Mabuku achikondi a masiku ano, pamodzi ndi nkhani zimene zimabwera chigawochigawo pa WhatsApp, amatsamira mawu amodzi: ndimakukonda. Buku limene ndangomaliza ndi lomwelo. Mnyamata wagalimoto wochokera ku Lilongwe akudutsa mu msewu wa M5, waima pa Chia kuti agule chambo, maso ake agwa pa mtsikana wogulitsa nsombazo. Zotsatira mukuzidziwa kale. Ndinawerenga mpaka tsamba lomaliza ndipo ndinakondwa, koma mtima sunakhazikike.

Kukondwa komweko ndi mphukira ya tsinde la -konda. Wokondedwa ndi amene wina wamuika mumtima, wokondwa ndi amene mtima wake wasangalala. Mawuwa amasiyana pang'ono chabe, ndipo mlembiyu wabisala pampata womwewo. Mtsikanayo amakondwa ndithu: foni yatsopano, chitenje, ulendo wa ku Salima. Zoti amakondedwa timangouzidwa ndi mnyamatayo.

Nthambi imene ndinaisowa ndi -ana. Kamphatikira kameneka sikalola munthu mmodzi. Kumenyana, kuthandizana, kukondana, zonsezi zimafuna awiri ochita. Aliyense amene anaonapo khoka likutuluka m'nyanja amadziwa kuti zingwe zimakhala ziwiri, gulu uku gulu uko, ndipo mbali imodzi ikafooka nsomba zimathawa. M'bukuli akukoka ndi mwamuna yekha. Ngakhale kufunsira mulibe. Kufunsira kumachokera ku kufunsa, ndipo funso limasiya malo oti wofunsidwa akane. Mtsikana wathu safunsidwa, amangodziwitsidwa.

Ndiye pali kukondera, mwana wopulupudza wa banja lomweli. Mukawonjezera -era, chikondi chimapendekera mbali imodzi n'kusanduka mlandu. Timanena choncho za mfumu yoweruza mokhota, kapena woimbira mpira amene saona zolakwa za timu yake. Mlembiyu amakondera mnyamata wa m'tauni. Msodzi amene ankafuna mtsikanayo kale wapatsidwa fungo la usipa, ngongole ndi mowa basi, ngati kuti munthu wogona panyanja ndi nyali usiku wonse, mwera ukuwomba, alibe mawu okoma ouza mkazi.

Komabe zonse si za mlembi. Chilankhulo chathu nachonso chili ndi tsankho lake: mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Wina amachita, wina amachitiridwa. Chitengwa nachonso ndi kutengwa. Koma mwambo wa Achewa umabweza ngongoleyo, pakuti mwamuna ndiye amayamba kukhala chikamwini kwawo kwa mkazi, ndipo akafuna kumutenga amakapempha kwa eni mbumba. M'bukuli mtsikana akukwera galimoto kupita ku Area 47 popanda malume, popanda ankhoswe. Ukadzavuta ukwatiwo, akaitana ndani?

Chimene chinandinyansa kwambiri ndi cha kumapeto. Mlembi watiuza kuti mtsikanayu ndi Msilamu wa ku Linga. Kumeneko ndi kumene Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika cha m'ma 1840, ndipo Chiswahili chinasiya mawu ake m'kamwa mwa anthu. Ukwati womangidwa ndi shehe ambiri amautcha ndowa, kuchokera ku ndoa ya Chiswahili. Ndowa yotungira madzi ndi ina, imeneyo inachokera ku ndoo, ngakhale pakamwa pathu ziwirizi zimamveka chimodzimodzi. Wolemba wodziwa dera lake akanapeza pamenepa nthabwala ya azimayi a pachitsime, ndiponso mkangano weniweni wa mabanja awiri osiyana chipembedzo. Mlembiyu walumpha zonsezo. Chaputala china mtsikana ali pa Chia ndi beseni la chambo, chotsatira ali mu diresi loyera mu holo ya ku Lilongwe, ndipo mayi ake sanafunsidwe n'komwe ngati akwanitsa ndalama ya minibasi.